Mafunso ndi mayankho okhudza gulu lathu la amayi odzipereka kuno ku Mulanje

Ine ndine wosunga kaundula wa gululi, ndiye mafunso ambiri amagwera ine. Ena amandifunsa pa mjigo, ena pa maliro tikamasonkhezera moto, ena amatumiza uthenga pa WhatsApp anthu atagona kale. Ndawasonkhanitsa pano kuti ndisamangobwereza zomwezo. Pena ndaikapo maganizo anga, ndipo pamenepo mudzudzule ine, osati amayi onse.

Kodi ndinu bungwe? Ofesi yanu ili kuti?

Sitili ngati mabungwe aja obwera pa galimoto zolembedwa m'mbali. Ndife amayi a m'midzi yoyandikana kumunsi kwa phiri la Mulanje, mbali yolowera ku Muloza. Ena timathyola tiyi, ena timagulitsa zinanazi ndi nthochi m'mbali mwa msewu, ena amapikula tomato ku Limbuli, ndipo tilinso ndi aphunzitsi opuma. Ofesi yathu ndi mthunzi wa mango. Mvula ikagwa, ndipo kuno imagwa ndithu, timabwereka kalasi ana akaweruka. A mfumu akutidziwa, a komiti ya chitukuko cha m'mudzi akutidziwa, ndipo alangizi a zaumoyo timagwira nawo ntchito limodzi.

Ndiye mumagawa chiyani?

Sitigawa kanthu. Tikafika pakhomo ena amayamba kutiyang'ana m'manja, ndipo akaona kuti mulibe thumba la ufa nkhope imagwa. Sitiwadzudzula, anazolowera kuti mlendo wa kope ndi cholembera amabwera kudzalemba mayina a thandizo.

Ntchito yathu yaikulu ndi kuperekeza. Mayi womenyedwa amadziwa kuti polisi ilipo, koma kupita yekha ndi nkhani ina. Amaopa zomwe akanene apongozi, sadziwa khomo lolowera, alibe ya kabaza, ndipo akauzidwa kuti "bwerani mawa" sabwereranso. Akakhala ndi mnzake pambali, wina wokhala naye pa benchi tsiku lonse ndi kumugwirira mwana, mawa lija amabweradi. Wa ife amene akuperekeza munthu amanyamula chitenje chapadera, botolo la thobwa, kope ndi foni yamoto wokwanira. Chitenjecho chili ndi ntchito zambiri: kufunda, kuyala pansi, kuberekera mwana, kapena kumuphimba mtsikana amene zovala zang'ambidwa.

Kupatula apo timazira ndi kufolera nyumba za agogo okhala okha, timatungira madzi odwala, timaphika phala ku sukulu ya mkombaphala, ndipo timakumbutsana masiku okatenga ma ARV.

Mumalipidwa?

Ayi. Pena bungwe likatiitana ku maphunziro limatipatsa ya thiransipoti ndi botolo la fanta, basi. Ndalama zoyendera zimachokera ku banki m'khonde yathu, m'kathumba kapambali komwe aliyense amaponyamo pang'ono tikakumana. Kathumbako kanayamba kuchepa mphamvu kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, moti ulendo womwe tinkatuma anthu awiri tsopano timatuma mmodzi.

Mwana wa pasukulu walowa m'banja. Mumatani?

Tiyambe ndi lamulo, chifukwa ambiri akudziwabe lakale. Lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18 ngati msinkhu wolowera m'banja. Panatsala mpata m'malamulo aakulu a dziko wolola mwana wa zaka 15 kukwatiwa makolo akavomera, koma Nyumba ya Malamulo inatseka mpatawo mu 2017. Lero chilolezo cha makolo kapena cha amalume sichisintha kanthu. Ena amati akawolokera ku Milange nkhani yatha, osadziwa kuti nako ku Mozambique anakhazikitsa lamulo loletsa maukwati a ana mu 2019.

Koma kuwerenga lamulo pakhomo pa munthu sikubweza mwana. Ife timayamba ndi mayi ake, tili awiri, nthawi yomwe bambo kulibe. Kawirikawiri mumapeza kuti mayiyo sakufunanso, kungoti m'nyumba mulibe chakudya ndipo mnyamata wa kabaza uja amabweretsa sopo ndi kandiwo. Kenako timapita kwa mwinimbumba. Kuno kwathu mwana ndi wa kuchikazi, ndiye mukalumpha amalume mwataya nthawi, ngakhale bambo ake atavomera zonse. Zikakanika timapita kwa a mfumu, kwa aphunzitsi aakulu ndi amayi a mother group, ndiponso kwa woteteza ana wa boma wa m'dera lino. Polisi imabwera pomaliza, kupatula ngati mwamunayo ndi wamkulu kapena mwana akuzunzidwa. Apo sitizengereza.

Ndinene zoona: sikuti onse amene timawachotsa amakhazikika. Mtsikana wina tinamubweza kwa makolo ake tikuimba nyimbo, ndipo pasanathe teremu anali atabwerera kwa mwamuna uja. Nditakumana naye pa chigayo anandifunsa kuti, "Amayi, munandichotsa, nanga sopo ndizimutenga kuti?" Ndinasowa choyankha. Kuchokera pamenepo sitithamangiranso kuthetsa ukwati tisanakambirane za yunifomu, makope, sopo, ndi amene azisamala mwana ngati alipo. Kuthetsa ndi ntchito ya tsiku limodzi, koma miyezi yotsatira ndiyo imatopetsa.

Mtsikana amene wabereka angabwererenso kusukulu?

Inde. Boma linaloleza zimenezi kuyambira 1993. Makolo ayenera kukaonana ndi aphunzitsi aakulu msanga kuti malo a mwanayo asungidwe, ndipo ngati akuchita manyazi pasukulu yake yakale angathe kupempha kusamukira ina. Chomwe chimawabweza ambiri si lamulo ayi, ndi pakamwa pa anzawo: kumuitana "make mwana" m'kalasi, kumuseka mkaka ukadontha pa yunifomu. Ife timapempha agogo kapena azakhali kuti azigwira mwana m'mawa, ndipo masabata oyamba mmodzi wa ife amadutsa pasukulupo ngati wangodzera.

Akuti mumadana ndi chinamwali. N'zoona?

Bodza. Ambiri m'gulu lino tinavinidwa, ndipo anankungwi awiri ndi mamembala athu. Mwambo wolangiza mwana ulemu, ukhondo ndi kudzisunga sitingautaye. Chomwe timakana ndi kuuza kamwana ka sitandade 5 zinthu za m'nyumba ya akuluakulu, ndi kukalimbikitsa kuti kakasase fumbi. Timapemphanso kuti zinamwali zizichitika pa holide, ana asajombe. Pa nkhani iyi anankungwi anzathu aja amamveka kuposa ife tonse, chifukwa amalankhula ali m'kati.

Mwana wagwiriridwa. Choyamba n'chiyani?

Kuchipatala, tsiku lomwelo. Pali mankhwala oteteza ku HIV otchedwa PEP, ndipo ayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, ndiye kuti masiku atatu. Palinso mankhwala opewa mimba omwe amagwira bwino akamwedwa msanga. Musamusambitse mwanayo, musachape zovala, ingozikulungani mupite nazo. Kenako kupolisi, ku ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza, ija amati Victim Support Unit. Ngati simukudziwa poyambira imbani 116, nambala yaulere ya nkhani za ana, kapena 5600 ya nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi.

Chomwe chimatipweteka mtima n'chakuti masiku atatu aja amathera pa zokambirana za pabanja. Akuluakulu amakhala pansi, amati "tisatulutse nkhani kunja, ndi wachibale," wolakwayo amalipira mbuzi kapena ndalama, mwana ali m'nyumba akulira. Mlandu wogwirira si wa pabwalo la a mfumu. Mafumu ambiri akudziwa zimenezi ndipo amatitumizira okha nkhanizi. Ngati wina akuuzani kuti tithane pachibale, tiitaneni, ndipo mwanayo apite kuchipatala zokambiranazo zisanayambe.

Amuna ena akuti mumathetsa mabanja.

Timamva, ena amatitcha "amayi a milandu." Nkhani zambiri zomwe zimatipeza zimathera kwa ankhoswe, ndipo ife timakondwa zikatha choncho. Kukangana za ndalama ya nandolo kapena za kubwera usiku si nkhani ya polisi. Koma pali kusiyana pakati pa kukangana ndi kuthyola munthu mkono. Mayi akabwera diso litatupa kachitatu sitingamuuze kuti banja n'kupirira. Timamuuza zomwe zilipo: lamulo loteteza nkhanza za m'banja la 2006 limalola khoti kupereka chiletso choti womuzunzayo asamuyandikire kapena asiye nkhanzazo, ndipo kupempha chiletsocho sikutanthauza kuti ukwati watha. Chisankho ndi chake. Ena amabwerera, ndipo sitiwanyoza. Timangowauza khomo loti agogode usiku zikavuta.

Abambo omenyedwa aliponso. Amabwera mozemba, nthawi zambiri kudzera mwa mlongo wawo, chifukwa amaopa kusekedwa. Lamulo lija limawateteza chimodzimodzi.

Mwamuna wanga wamwalira, abale ake akufuna katundu. Mungandithandize?

Anthu amaganiza kuti poti kuno ndi kwa chikamwini, kulanda katundu kulibe. Munda ndi malo n'zoona, zimatsata mkazi. Koma malata, njinga yamoto, makina osokera, nyumba yomwe munamanga limodzi pa Chitakale kapena ku Luchenza, ndi ndalama za kuntchito kwa malemu, izi ndiye abale amafika nazo maso ali gwa, pena maliro asanaikidwe n'komwe. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana, ndipo kulanda katundu wa masiye ndi mlandu. Musasaine pepala lililonse pa maliro. Lembani katundu yense pa kope pamaso pa mboni, sungani makalata a ntchito a malemu ndi ziphaso za ana, ndipo tidzakuperekezani kwa a mfumu kenako ku ofesi ya DC.

Chikamwini chili ndi mbali inanso yomwe sitikonda kuinena. Bambo amene wakhala pamudzi zaka zambiri, wadzala mitengo, wamanga nyumba ya njerwa, mkazi wake akamwalira amauzidwa kuti anyamule chikwama azipita. Nkhani zoterezi tazilowererapo, ndipo amayi anzathu ena sanakondwe nafe.

Pa misonkhano timalimbikitsa kulemba wilo. Munthu wa zaka 18 kapena kuposa angathe kulemba, n'kusaina pamaso pa mboni ziwiri. Ambiri amakana, amati n'kudziitanira imfa. Ine yanga ndinalemba kalekale, ndipo ndikadali pano kulemba mayankho awa.

Nanga amayi a ku minda ya tiyi, nkhani zawo mumazigwira?

Timazigwira, ngakhale n'zovuta chifukwa munthu amaopa kutaya ntchito. Nyengo ya mvula tiyi akaphukira kumalembedwa anthu ambiri aganyu, ndipo kapitawo wopanda khalidwe amapezerapo mpata: "ukufuna dzina lako likhalepo chaka chino?" Lamulo la 2013 loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi limati kuvutitsa munthu pomufuna chiwerewere pantchito ndi mlandu. Timamulangiza mayiyo kuti asunge mauthenga a pafoni, alembe tsiku ndi malo, auze mnzake mmodzi wodalirika, kenako akadandaule ku komiti ya pantchitopo, ku bungwe la ogwira ntchito kapena ku ofesi ya zantchito pa boma. Kumene akufuna kupita timapita naye. Sitimukakamiza, chifukwa amene akagone ndi njala ntchito ikatha ndi iye, osati ife.

Pa nthawi ya namondwe wa Freddy munachita chiyani?

Tinalira kaye ngati wina aliyense. Mu Malichi 2023 mvula inagwa masiku angapo osalekeza, phiri linatsitsa madzi, matope ndi miyala, mitsinje inasefukira, milatho inaduka. Akuluakulu ankati ndi napolo ngati uja wa ku Phalombe wa 1991. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anamwalira, ndipo Mulanje inali m'gulu la maboma omwe anakhudzidwa kwambiri. Ena mwa ife nyumba zinagwa, tinakagona m'makalasi pamodzi ndi anthu omwe tinkayenera kuwathandiza.

Ufa, nyemba ndi mabulangete zinkabwera ndi a DoDMA (nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi), a mipingo ndi mabungwe, misewu itayamba kudutsika. Ife tinagwira zinthu zomwe wolemba mayina sangazione. Mtsikana amene wasamba alibe nsalu, wakhala pakona tsiku lonse osadzuka. Mayi amene botolo la ma ARV linapita ndi madzi pamodzi ndi kabuku ka kuchipatala, ndipo sangaimike dzanja pagulu n'kunena. Agogo amene sangalimbane pa mzere wa ufa. Tinang'amba zitenje zathu kupanga nsalu, tinkanong'oneza alangizi a zaumoyo mayina a osowa mankhwala, tinapempha kuti amayi ndi ana azigona kalasi yawoyawo, ndipo usiku tinkaperekezana kuchimbudzi awiriawiri. Tinaumiriranso kuti pogawa chakudya pazikhala mayi pa tebulo, chifukwa pamene pali njala ndi mndandanda wa mayina pamapezeka wina wofuna kusinthanitsa dzina ndi thupi la mwana wa eni. Kolera inali isanathe nthawi imeneyo, choncho chidebe cha madzi othira klorini chinali ndi mlonda wake.

Chiyambire pamenepo mvula ikayandikira timayendera nyumba zomwe zili m'mphepete mwa mitsinje, ndipo timauza aliyense kuti kabuku ka kuchipatala, chiphaso cha unzika ndi mankhwala azisunga m'jumbo imodzi yomanga bwino, pamalo oti angaitole mumdima.

Bwanji mumakakamira za kuyezetsa khomo la chiberekero?

Chifukwa taika anzathu m'manda ndi matendawa, ndipo Malawi ali m'gulu la mayiko omwe khansa imeneyi imapha amayi kwambiri. Kuyeza sikutenga nthawi: namwino amapaka viniga pa khomo la chiberekero n'kuyang'ana, ndipo akapeza zizindikiro zoyambirira amatha kuthandiza zisanasanduke khansa. Ku chipatala cha boma pa Mulanje ndi ku Mulanje Mission amayeza. Amayi omwe ali ndi HIV ayenera kuyezetsa pafupipafupi. Katemera wa HPV, kachilombo koyambitsa khansayi, anayamba kuperekedwa m'dziko lonse mu 2019 kwa atsikana a zaka 9, ndipo mphekesera yoti amatseka kubereka ndi yabodza.

Ambiri amaopa chitsulo choyezera chija, ena amuna awo amakaniza. Njira yomwe yatithandiza ndi kupita gulu, wa ife mmodzi n'kuyamba kulowa. Akatuluka akuseka, mzere umayenda.

Muli mbali ya chipani chiti?

Palibe. Aliyense ali ndi komwe amavotera, koma chitenje cha chipani sichivalidwa pa msonkhano wathu. Nthawi ya kampeni andale amatikumbukira mwadzidzidzi. Timawalandira, timawapatsa mpando, n'kuwawerengera zomwe zili m'kope: mjigo wowonongeka, mlatho, zimbudzi za atsikana pasukulu. Akapambana timapitanso ndi kope lomwelo. Kuvina pa misonkhano yawo m'dzina la gulu ndiye ayi.

Kodi mawu anu amafika pena pake, kapena mumangolankhula?

Pena amafika, pena amathera m'njira. Zomwe taona m'midzi timazitengera ku komiti ya chitukuko cha m'mudzi, kuchoka apo zimapita ku komiti ya dera, kenako ku khonsolo. Ulendo wake ndi wautali ndipo pepala limatha kusowa pakati. Tinaphunzira kulemba makalata awiri, ina kusiya, ina kudindidwa n'kubwera nayo. Pa ofesi ina tinapitapo kanayi, ulendo uliwonse akutiuza kuti bwana atuluka; ulendo wachisanu tinapita amayi khumi ndi ana kumsana, tinayala zitenje pakhonde, ndipo bwana anapezeka. Timatenganso mbali pa masiku 16 olimbana ndi nkhanza, kuyambira pa 25 Novembala mpaka pa 10 Disembala, ngakhale ine ndimaona kuti kuguba ndi zikwangwani n'kosavuta poyerekeza ndi kubwerera pakhonde paja kachisanu.

Abambo angalowe?

Umembala ndi wa amayi, koma ntchito ilipo ya aliyense. Denga la agogo amakwera ndi abambo, ndipo wodwala usiku amanyamulidwa ndi anyamata a kabaza, ena osalipiritsa. Palinso nkhani zomwe bambo amamva bwino akauzidwa ndi bambo mnzake.

Ndikakuuzani nkhani yanga, simukaiulutsa?

Ili ndi lamulo lathu lolimba kuposa onse. Nkhani imadziwika ndi anthu awiri okha amene akuigwira, ndipo m'kaundula sindilemba dzina. Pa msonkhano timati "mayi wina wa kutsidya." Tinachotsapo membala chifukwa chokamba pa mjigo zomwe anamva pakhomo pa munthu, ngakhale anali wolimbikira kuposa ambiri a ife. Zithunzi za anthu amene tawathandiza sitiika pa Facebook, ngakhale wopereka thandizo atapempha. Chinsinsi chimathera pa chinthu chimodzi chokha: ngati mwana ali pangozi. Apo tidzakuuzani pamaso kuti tikukanena.

Ndikufuna kulowa, kapena kuthandiza. Nditani?

Sitifunsa satifiketi, mpingo kapena mtundu. Tili ndi Alomwe, Amang'anja ndi Ayao, Akhristu ndi Asilamu. Kusadziwa kulemba si vuto, olemba alipo. Bwerani pa msonkhano, mukhale nafe kangapo, muyende ndi mmodzi wa ife musanapatsidwe nkhani yanuyanu. Ngati muli pabanja kambiranani kaye kunyumba, chifukwa tsiku lina mudzagogodedwa pakati pa usiku. Nyengo yothyola tiyi ndi yopalira timakumana Lamlungu masana anthu akaweruka ku tchalitchi, nthawi zina zonse Lachitatu.

Amene muli ku Blantyre, ku Lilongwe kapena ku Johannesburg ndipo mukufuna kuthandiza kwanu, zomwe zimasowa kawirikawiri ndi sopo, makope, nsalu ya flanelo yosokera zovala za kumwezi, ndi ndalama ya kabaza. Musatumize kwa munthu mmodzi. Funsani a mfumu kapena alangizi a zaumoyo a m'dera lino akulozereni kwa wapampando ndi msungichuma, awiriwo alandire limodzi, ine ndilembe m'kope, ndipo zidzawerengedwa pamaso pa onse pa msonkhano wotsatira.